Mzere Wosatha pa Tsamba 140

Winnipeg, Canada
11 Febuluwale 2019

Achimwene Halvard,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndilipo, ukalamba wokha. Ndinamva kuti foni munaikana, ndiye ndabwerera ku pepala ngati kale.

Mwana wanga Signe wandigulira ulendo wa pa sitima yapamadzi, zikuluzikulu zija zonyamula anthu okaona malo. Poyang'ana madoko amene tidzaimapo, ndapeza dzina la kwathu. Pa 12 Juni tidzakhala pa Torsund kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Ndikufuna ndidzakuoneni. Zaka makumi asanu ndi chimodzi n'zambiri, ndipo m'banja mwathu tatsala awiri basi.

Nsanja ya bambo paphiri paja ikadalipo? Mundiyankhe chonde, ngakhale mizere iwiri.

Mlongo wanu,
Borghild


Torsund, Norway
1 Malichi 2019

Borghild,

Moni. Ndili moyo, zikomo pofunsa, ngakhale funsolo lachedwerapo pang'ono.

Kalata yako ndaiwerenga katatu, poti ukudziwa kuti ine sukulu ndinalekeza panjira. Maola asanu ndi limodzi. Wandilemekeza kwambiri. Ndawerengetsa, ndapeza kuti pa chaka chilichonse chimene unasowa wandipatsa mphindi zisanu ndi ziwiri. Sindikudziwa kuti ndidzazimaliza bwanji zonsezo. Mwina zina tidzagawireko aneba.

Nsanja ilipo. Miyala siithawira ku Canada. Ili pomwe unaisiya, pamwamba pa phiri, ikuyang'anabe doko. Ntchito ya ulonda inatha kalekale, sitima za masiku ano zili ndi maso akeake, koma akhonsolo anandisiyira kiyi kuti ndizitsegulira alendo. Chigalasi cha bambo choonera kutali chilipo. Mbendera yofiira ilipo. Buku lilipo.

Bukulo ukulikumbuka? Wa ku Torsund aliyense akamatuluka panyanja, mlonda amalemba dzina ndi tsiku. Akabwerako amakwera yekha masitepe onse 286 kudzaonekera, mlonda n'kulemba tsiku lofikira, n'kukweza mbendera yofiira kuti tauni yonse idziwe kuti wathu wabwera. Pa tsamba 140 pali mzere uwu: "Borghild Nesheim, watuluka 4 Epulo 1968." Kutsogolo kwake n'koyera. Ndinalemba ndine. Anthu ena onse a pa tsamba limenelo anabwerako, kupatula atatu amene anamira. Atatuwo ndiye ndimawamvetsa.

Unati ubwera nyengo yofunda ikayamba. Sunanene ya chaka chiti, ndipo kulakwa n'kwanga posafunsa. Bambo tinawaika mu 1979, mayi mu 1991. Maluwa ako anafika maulendo onse awiri, okongola zedi. Bokosi sananyamule nawo, koma anayesetsa.

Ukafuna kundiona, ukudziwa kumene ndimapezeka.

Halvard


Winnipeg
22 Malichi 2019

Achimwene,

Moni. Ndasangalala kuti lilime lanu silinakalambe.

M'kalata yanu mwaiwala chinthu chimodzi. Tsiku limene ndinkanyamuka munaima pakhomo n'kundiuza kuti, "Ukatsika phiri ili usadzalikwerenso." Ine ndine mwana womvera. Ndakumverani zaka makumi asanu ndi chimodzi.

Pa maliro a bambo ndinali ndi pakati pa Signe, pa miyezi isanu ndi itatu. Pa a mayi, mwamuna wanga anali gone m'chipatala. Zonsezi ndinakulemberani, simunayankhe. Kenako manyazi anandigwira, ndipo chaka chilichonse masitepe aja ankachulukirachulukira m'mutu mwanga.

M'kabuku ka ulendowu alemba kuti pali basi yotenga alendo padoko n'kukawasiya pakhomo pa nsanja, yodzera msewu wakuseri. Ndidzakwera imeneyo. Inu mudzangotsegula chitseko. Ngati khofi wadula kumeneko, ndidzabwera ndi wanga.

Borghild


Torsund
13 Epulo 2019

Borghild,

Moni. Kuno mphepo yomwe ija. Kwanuko ndamva kuti kulibe phiri ngakhale limodzi, ndiye ndikukumvetsa kuti unasankha dziko loyenera miyendo yako.

Basi ilipodi. Imabweretsa anthu ovala majekete ofanana. Akatsika amaifulatira nyanja n'kumadzijambula okha, mano ali pamtunda. Ena amajambula ine. Chaka chatha mayi wina anandifunsa ngati ndevu zangazi n'zenizeni kapena amandibwereka akhonsolo. Bambo wina anafunsa kumene kuli chimbudzi asanaliyang'ane n'komwe dokolo, doko limene agogo athu ankaliyang'ana mpaka misozi kuuma. Zikatha mphindi makumi awiri, wowatsogolera amakweza ambulera, onse n'kulowa m'basi ngati nkhosa.

Bwera pa basi, palibe choletsa. Ndidzakulandira mmene ndimalandirira onsewo: "Takulandirani, nsanjayi inamangidwa mu 1791, musakhudze chigalasi." Ndidzakupatsanso kapepala ka mbiri yake, kali m'zinenero zinayi, udzasankha chimene ukuchikumbuka. Koma anthu a pa basi salowa m'buku. Bukuli ndi la okwera masitepe. Lamulolo sindinaike ndine.

Ine masitepe amenewo ndinayamba kuwakwera m'mawa uliwonse ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, maso a bambo atayamba mdima. Tinkabisa, kuopa kuti awachotsa ntchito. Iwo ankagwira chigalasi kuti anthu aziwaona, koma woyang'ana ndinali ine. Iwe unkatsika phiri ndi chikwama cha mabuku, ine ndikukwera ndi botolo la khofi. Aphunzitsi ankati ndili ndi mutu wa masamu. Mutuwo sunapite pachabe, ndawerengera masitepe.

Mawu a pakhomo aja sindikuwakumbuka. Ngati ndinanenadi, ndiye pa malangizo onse amene ndinakupatsapo unasankha bwino loti ulisunge.

Halvard


Winnipeg
6 Meyi 2019

Amalume,

Ndikupatsani moni. Simundidziwa, ndine Signe. Amayi sakudziwa kuti ndikukulemberani.

Mu Novembala anawachita opaleshoni ya m'chiuno, ndipo akuyendera ndodo. Mtima wawonso suli bwino. Adokotala anena kuti ulendo wautali uno ndi womaliza. Chilandirireni kalata yanu ija, tsiku lililonse akumapita ku laibulale ya kuno kukayeserera kukwera masitepe. Dzulo anafika makumi asanu ndi anayi, n'kukhala pansi milomo itada. Ndikawaletsa akuti sindingamvetse.

Chonde amalume, mudzangotsika n'kuwalandirira padoko. Pa chithunzi ndaona kuti pali malo omwera khofi pomwepo. Kuno anyamuka pa 2 Juni.

Signe


Torsund
19 Meyi 2019

Signe,

Moni. Ndakondwa kudziwa kuti ndili ndi mwana wa mlongo wodziwa kulamula. Magazi sanama.

Amayi ako anakuphunzitsa zambiri, koma ichi anasiya. Wa ku Torsund saima padoko kudikira munthu wamoyo. Pamenepo timaimapo polandira mtembo, chipewa chili m'manja. Wamoyo amabwera yekha kumtunda ndi miyendo yake. Ine ndinaimapo katatu pa moyo wanga, ndipo katatu konse ndinabwerako nditanyamula bokosi. Ndiye iwe ukundipempha mwaulemu kuti ndikalandire mlongo wanga ngati maliro.

Malo omwera khofi amene wawaona pa chithunziwo ndi nyumba imene tinkagonekamo anthu omira. Pano akugulitsamo makeke. Akuti ndi okoma.

Uwauze amayi ako asiye kuvutitsa masitepe a laibulale. Sanawalakwire.

Malume ako,
Halvard


Torsund
29 Meyi 2019

Borghild,

Usakwere. Nditsika ndine. Udzandipeza padoko, pa chitsulo chachitatu chomangirira zingwe. Chipewa chidzakhala kumutu, osati m'manja. Usauze munthu.

Ndikhulupirira kuti ikupeza usananyamuke.

H.


Pa sitima
8 Juni 2019

Achimwene,

Moni wapanyanja. Khadi ili ndiliponya pa doko la mawa. Chiyambire Epulo sindinamve kanthu kuchokera kwa inu, ndiye ndangoti lamulo silinasinthe. Basi sindikwera. Ndidzakhala woyamba kutsika m'sitima kuti ndidzakhale ndi nthawi. Konzani cholembera.

Borghild


Torsund
15 Juni 2019

Signe,

Moni. Wamva kale pa foni ya aneba kuti amayi ako ali moyo ndipo ali kuno, koma iwo akuuza mbali yawo. Nayi mbali yoona.

Kalata yanga ya pa 29 Meyi iyenera kuti ikugona m'bokosi lawo kwanuko. Uiotche. Khadi lawo la pa sitima landipeza lero, patatha masiku atatu eniake atafika. Ndawawerengera mokweza ali pa mpando wanga.

Lachitatu lija ndinavala suti. Ndinatseka nsanja, kiyi n'kumuika pansi pa mwala wafulati pomwe bambo ankaika. Mawondo anga amakana kutsika masitepe, ndiye ndinadzera msewu wakuseri, wapansi. Msewuwo ndi wautali, anaupangira basi osati anthu. Pofika padoko nthawi inali itapitirira hafu teni, sitima itaima kale, chinyumba chachikulu kuposa tchalitchi chathu, chikulavula anthu.

Ndinaima pa chitsulo chachitatu. Oddvar, amene amagulitsa nsomba zouma kwa alendo pamtengo wa golide, anatuluka m'kasitolo kake akupukuta m'manja.

"Halvard, wamwalira ndani?"

"Palibe."

"Nanga sutiyo? Nanga padoko?"

"Ndimadziwa kuti ndiona nkhope yako, ndiye ndavaliratu zamaliro."

"Ukadali ndi mano olumira, eti. Ndiye bola."

Sanachoke, anangoima chapatali n'kumandiyang'ana. Kenako anabwera mayi Gunvor a kumsika, azaka makumi asanu ndi atatu, n'kundigwira dzanja. "Pepani, a Nesheim. Ndi mlongo wanu uja?" Ndinawauza kuti mlongo wanga ali bwino kuposa iwo. Anagwedeza mutu mondimvera chisoni n'kupita kukauza tauni yonse.

Ndinayang'ana nkhope iliyonse yotsika m'sitimamo. Sindinkadziwa kuti padziko pali amayi okalamba oyendera ndodo ochuluka choncho, ndipo onse anawaika m'sitima imodzi. Wina ndinamukwezera dzanja, iye anandikumbatira, mwamuna wake n'kutijambula. Sanali amayi ako. Koma chithunzicho chili kwinakwake, ndikuoneka wosangalala.

Inakwana 12 koloko. Inakwana 1 koloko. Poyamba ndinkati wandichitanso, wayang'ana phiri ali pawindo n'kubwerera kukadya. Kenako maganizo ena anandibwerera, ndipo ndikuuza iwe wekha. Ndinakumbuka za mtima umene unanena uja. Ndinati, ndaima pamalo a maliro ndi miyendo yanga, ndaitana ndekha chimene chimabwera pamalowa. Nthawi ina ndinangopeza chipewa chili m'manja. Sindikudziwa kuti ndinachivula liti.

Ndi Oddvar amene anandidzutsa.

"Kunsanja wasiyako ndani?"

"Palibe. Ndatseka."

"Ndiye mbenderayo yadzikweza yokha."

Ndinatembenuka. Mbendera yofiira inali pamwamba pa mlongoti, ikuuluka ngati yalipidwa. Panali patatha zaka makumi atatu isanakwezedwepo. Ndipo anthu amoyo odziwa za mwala wafulati uja alipo awiri okha.

"Basi iyo ikunyamuka, thamangira," anatero Oddvar.

"Basi ndi ya alendo."

"Ufera pa masitepe, chitsiru iwe."

"Ndiye udzaime padoko."

Ndinakwera, Signe. Ndi suti, ndi nsapato zakutchalitchi, ndi mawondo amene anali atayenda kale msewu wonse. Masitepe amene ndili mnyamata ndinkawatha khofi asanazizire ananditengera ola ndi theka. Pa sitepe ya 200 pali benchi. Ndinapezapo mabanga a ndodo pa dothi, ambirimbiri, pamalo amodzi. Munthu anaima pamenepo nthawi yaitali akukangana ndi chiuno chake. Ndinakhalapo nanenso pang'ono, kuyang'ana nyanja basi.

Pamwamba ndinapeza chitseko chili pululu, alendo a basi yomaliza ali thothotho. Pa mpando wa bambo panali mayi wamng'ono wa imvi, ndodo ili pamiyendo, akuwauza kuti, "Inamangidwa mu 1791, musakhudze chigalasi." Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Mwachedwa, achimwene."

Ndinalibe mpweya woyankhira, ndiye anapezerapo mwayi.

"Zaka zonsezi kundiuza kuti ndikudziwa kumene mumapezeka. Ndafika, simukupezeka."

"Wakweza mbendera ndani?" ndinatero mpweya utabwera. "Mbendera amakweza ndi mlonda."

"Mlonda anali padoko. Ndamuona m'chigalasi, chipewa chili m'manja. Ndinati ndimudziwitse kuti malirowo afika kale, ndi miyendo yawo."

"Wakhudza chigalasi."

"Ndachipukutanso. Chinali ndi fumbi la 1991."

"Wakalamba, Borghild."

"Inu ndiye mwasungika bwino, ngati nsomba za Oddvar."

Milomo yawo sinali yabwino, Signe, sindikubisira. Anakwera maola atatu. Akuti sitepe iliyonse ankaitchula nambala mokweza, anthu owadutsa n'kumaganiza kuti akupemphera.

Pamenepo mtsikana wotsogolera alendo, wa ambulera uja, anawomba m'manja. "Tonse m'basi, sitima inyamuka 4 koloko." Nkhosa zinatuluka. Anatsala amayi ako.

"Mayi, iyi ndi basi yomaliza."

"Sanandilembe."

"Sanakulembeni chiyani?"

Amayi ako analoza patebulo. Buku linali lotsegula pa tsamba 140, cholembera chili pambali. Maola onse amene anakhala okha muno sanalembemo kanthu. Sukulu yonse ija, zilembo zokongola zija, koma anadziwa kuti m'bukumo amalemba ndi mlonda.

"Bambo, chonde, fulumirani," anatero mtsikanayo. "Tatsala ndi mphindi zisanu."

"Mwana wanga," ndinamuuza, "ine sukulu ndinalekeza ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Funsa aliyense m'tauni muno. Sindilemba mothamanga."

Ndinayamba ndi kufunafuna magalasi. Anali m'thumba lamkati, koma ndinayambira matumba ena. Kenako cholembera chinafunika kuchiyesa kaye pa kapepala. Kenako ndinafunsa tsiku. Mtsikanayo anandiuza. Ndinafunsanso amayi ako kuti nditsimikize, poti m'buku la boma simufufutidwa. Iwo anati sakukumbuka bwino, mwina tione pa kalendala. Kalendala inali ya chaka chatha.

Dalaivala analiza hutala. Mtsikanayo anaimba foni kusitima, analankhula, anamvetsera, kenako anatulutsa pepala loti amayi ako asaine kuti atsala mwa kufuna kwawo. Anasaina ngati mphezi. Ndi ubwino wa sukulu umenewo.

Basi itapita ndinalemba: "Wafika 12 Juni 2019." Zilembo zinakhota. Olakwa ndi masitepe.

Itakwana 4 koloko sitima inalira katatu n'kuyamba kutembenuka. Tinaionera pawindo, iwo pa mpando, ine chiimire. Inapita ndi sutikesi yawo, nsapato zawo zina, ndi chakudya chamadzulo chimene unalipira kale. Tinaiperekeza ndi maso mpaka inadutsa pa chilumba.

Kenako anati, maso ali pa buku, "Ndinkadziwa, achimwene. M'mawa uliwonse ndikamatsika ndi chikwama chija, ndinkadziwa kuti ndanyamula chanu."

Ndinawauza kuti asadandaule. Ndikanaphunzira ndikanalemba msanga, ndipo basi ija akanaipeza.

Ndinawauzanso kuti mawu a pakhomo aja ndawakumbuka tsopano, ndipo alakwira lamulo langa. Anati inde, ndipo akanadziwa kuti chilango chake ndi khofi wangayu akanaganiza kawiri.

Tsopano zofunika. Adokotala a kuno awaona dzulo. Akuti mtima ukugunda, koma masitepe asawayandikirenso, kukwera kapena kutsika. Mankhwala amene anali m'kachikwama kam'manja atha Lachisanu likudzali, ndiye utumize dzina lake lenileni kuti tikagule kuno. Ufufuzenso za sutikesi, ikuona malo yokha kumpoto uku. Pakali pano akuvala juzi langa, ndipo akuti likununkha nsomba. Asuntha mpando wanga, atsegula mawindo onse, ataya mapepala anga a zaka khumi. Mayi Gunvor anabwera ndi keke ya chipepeso, anapeza malemuwo akutsuka makapu. Keke tadya.

Pa foni paja akuti unafunsa kuti abwerera liti. Funso labwino. Wa ku Torsund satuluka panyanja mlonda asanamulembe m'buku, ndipo pafunika mzere watsopano, dzina lonse, tsiku, mwezi ndi chaka. Mmene ndimalembera wamva kale.

Malume ako,
Halvard